Boti la Malemu Linamira Loweruka

Boti limenelo ine sindinalifune, ndipo aliyense wa mumsewu mwathu akudziwa, chifukwa ine ndikakwiya sindinong'ona. Amuna anga analibweretsa pa lole sabata yomwe anapuma ntchito ku positi ofesi. Amuna a anzanga akapuma ntchito amabwera ndi malata, ena makina osokera, ena njinga yamoto. Anga anabwera ndi chimtembo cha matabwa chowola kumimba, n'kuchikhazika pa njerwa kuseri kwa khitchini, penipeni pamene pankadutsa chingwe changa choyanikira zovala.

Ndinawafunsa ngati ayamba usodzi. Anati ayi. Ndinafunsa ngati azinyamula anthu. Anatinso ayi. Akuti botilo linali longokwera kukapitidwa mphepo pa damu, munthu n'kumayang'ana madzi ndi mbalame, kenako n'kubwerera kunyumba chimanjamanja. Damulo lili kutali ndi ife, ola lathunthu pa basi. Ndipo munthu wakeyo sankadziwa kusambira. M'bafa momwe ankalowa ngati akupita kukhoti.

Analikonza zaka zisanu ndi ziwiri. Chotsa thabwa ili, ika lina, pala, khoma, zula. Misomali wamba ankaikana, ankafuna ya mkuwa yokhayokha. Ketulo yanga yaikulu anaiba kuti aziwiritsira madzi opindira matabwa ndi nthunzi, ndipo inabwerako yopanda chigwiriro. Sizasi yanga yosokera anadulira malata. Zonsezo ndinapirira mokweza mawu. Koma chimene chinkandiwawa kwenikweni ndi madzi. M'mawa uliwonse, asanamwe ndi tiyi yemwe, ankatunga ndowa zinayi pampopi n'kukakhuthulira m'botimo, kenako n'kuliphimba ndi masaka onyowa. Kuseri kwa nyumba kunasanduka dambo. Udzudzu unkabwera ndi abale ake, achule ankachitira misonkhano pakhomo la khitchini. Ndinkawauza kuti anthu amutu wabwino amaika boti m'madzi, iwo okha dziko lonse lapansi ndi amene amaika madzi m'boti.

Anthu oyandikana nafe anawapatsa dzina loti Kaputeni. Akamadutsa ankasuzumira pampanda n'kufunsa kuti madzi afika pati lero. Iwo ankangomenya sawatcha n'kuyankha kuti mwezi wamawa tikwera. Mwezi wamawa umenewo sunafike. Tsiku lina anagwa ndi burashi m'manja, atapenta mbali imodzi yokha ya buluu. Anagona m'chipatala masiku awiri, basi.

Maliro atatha, alendo atabalalika, ndinachita zimene mkazi aliyense waukhondo akanachita. Ndinataya masaka onunkha aja, ndinakapa madzi onse, ndinakwecha ndere ndi sopo, ndinalisiya padzuwa kuti liume. Kenako ndinalimangira kadenga ka malata kuti ngakhale dontho la mvula lisaligwere. Sindinalikonde, koma linali la malemu, ndipo ndinati lisawolere m'manja mwanga. Miyezi isanu ndi itatu linakhala louma ngati bisiketi, ndipo ndinkanyadira.

Ndiye kunabwera alamu anga, akulu awo a malemu. Iwowa amaweta nkhuku zogulitsa, ndipo amayenda ndi tepi yoyezera palamba ngati mfuti. Chilichonse cha mnzawo amachiyeza. Tsikulo mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino, anali kunyumba patchuthi, ndipo panalinso amayi awiri a pafupi amene anabwera kudzacheza. Alamuwo anazungulira botilo kawiri, tepi ili phwa, phwa, kenako anadzakhala patebulo panga n'kumwa tiyi wanga. Anati matabwawo ndi abwino, atulukamo khola la nkhuku zambiri ndithu, ndipo iwo atithandiza kuchotsa chinyalalacho. Mpaka pamenepo ndinali pafupi kuvomera. Koma pakamwa pawo sipanatsekeke. Anapitiriza kuti mng'ono wawo anali chitsiru cha mtima wabwino, anataya ukalamba wake pa chinthu choti sichikanayandama ngakhale m'beseni.

Ndinaika kapu pansi.

"Alamu, mawu amenewo mwawatenga kuti?"

"Kwa inu nomwe, alamu. Zaka seveni mwakhala mukuwalalikira pampanda."

Amayi awiri aja anayang'ana m'makapu mwawo. Zinali zoona, koma zoona zili ndi mwini wake. Ndinawauza kuti ine ndinachapa makabudula a munthuyo zaka makumi atatu ndi zinayi, ndinamva mkonono wake, ndinamusambitsa atafooka, ndiye chitsiru ndi ine ndekha ndinali ndi chilolezo chomutchula. Iwo anachapa chiyani? Ndipo pakamwa pangapa, pamene pandipalamulira zambiri m'moyo, panapitiriza pokha. Ndinati Loweruka lomaliza la mwezi boti limenelo lilowa pa damu iwo akuona. Likamira, abwere ndi sowo yawo alicheke. Likayandama, abweze mawu awo pamaso pa anthu. Alamu anamwetulira n'kuuza mwana wanga kuti akhale mboni. Anatenganso buledi wina n'kunyamuka.

M'mawa mwake ndinapita kukaliyang'ana bwinobwino, kwa nthawi yoyamba chimangire kadenga kaja. Ndinagwada n'kusuzumira mkati. Dzuwa linkalowa paliponse. Pakati pa thabwa ndi thabwa panali mpata, mizere yowala kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Pena chala changa chaching'ono chinkalowa. Ndinaona mphaka wa aneba kudzera m'mimba mwa boti. Ndinakhala pansi n'kuwalalatira malemu kuti zaka zonse zija, ketulo yanga ija, ndi ntchito yake imeneyi? Dengu lenileni.

Ndinaitana kalipentala wa pamsika amene anandikhomera kabati ya mbale. Ananena kuti abwera mawa, ndipo anabwera patatha masiku asanu ndi limodzi, monga amachitira onse. Analigogoda ndi chala, n'kuseka pang'ono, n'kunena kuti malemu anali munthu wabwino koma matabwa si makalata. Iye mipata ngati imeneyi amaitseka tsiku lililonse. Anacheka timizere topyapyala ta mtengo wolimba n'kutikhomerera m'mipata ndi hamala mpaka kulira. Potsala anamata guluu wosakaniza ndi utuchi. Anapala, anakwecha ndi sandipepala, mkati anapaka vanishi kawiri. Atamaliza, ngakhale singano sikanalowa. Linkanyezimira ngati kabati ya m'sitolo, moti anandifunsa ngati ndikufuna andiikire kadilowa kosungiramo masupuni. Ndinagona tulo tabwino.

Lolemba la sabata yomaliza ndinakwera basi kupita ku damu kukafunsa pamene anthu amatsitsira maboti. Anandilozera kushedi ya malata m'mphepete mwa madzi, kwa mkulu wokonza maboti amene onse amamutcha a Thonje. Dzinalo silinandivute kumvetsa. Thonje linali m'matumba, m'ndevu, lina kukhutu. Anali wamfupi, wouma ngati chikuni, atagwada pansi pa boti lina lovundikira, mushedi monse mukununkha phula. Nditatchula za amuna anga anadzuka n'kupukuta manja. Anati a Kaputeni ankawadziwa bwino, ankabwera Lachitatu lililonse, n'kukhala pa chitini icho, kufunsa mafunso mpaka basi yomaliza.

Lachitatu ndi tsiku limene ankandiuza kuti akupita kuchipatala kukayezetsa magazi. Ndinkawasitira malaya, n'kuwakumbutsa kabuku ka kuchipatala. Ndinachiyang'ana chitinicho nthawi yaitali. Akanakhala moyo ndikanawavundikira nacho.

A Thonje anandifunsa ngati ndikupitiriza kulithirira madzi botilo. Ndinawauza monyadira kuti misala imeneyo inapita ndi mwini wake, panopa ndi louma, lili ndi denga lake. Mkuluyo anavula chipewa ngati wamva maliro achiwiri.

"Mayi, mukaviika nyemba m'madzi zimatani?"

"Zimatupa. Mukundiyesa mwana?"

"Thabwa la boti ndi nyemba. Likamwa limatupa, limakankhana ndi linzake, mpata umatsekeka wokha. Likauma limabwerera. A Kaputeni ankalimwetsa kuti lisatsegule pakamwa."

Ndinangoti kukamwa yasa. Mwina malemu anandiuzapo zimenezi. Ndikukumbuka ankatsegula pakamwa ndikawafunsa za madzi aja, koma nthawi zonse ndinali ndisanamalize kulankhula. Komabe mwamuna weniweni amadikira mpata n'kunena. Mlandu ndi wawo ndithu.

Pofuna kudzipepesa ndinati asadandaule, mipata yonse yatsekedwa kale, n'kufotokoza ntchito yokongola ya kalipentala. A Thonje anakhala pansi pa chitini chija. Anandifunsanso kuti nanga nyemba zija ukazithira m'botolo mpaka kudzaza, n'kuthira madzi, n'kutseka, chimachitika n'chiyani. Botolo lotero ine ndinaliswapo. Anati matabwa akayamba kutupa n'kupeza timitengo tolimba m'mipata, asowa kolowera. Apindika, azula misomali, athothoka kunthiti za boti, ndipo pamenepo ngakhale khola la nkhuku silitulukamo. Zonse zimene kalipentala waika zichoke. Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndi chitini chomwe.

Kalipentala nditamuuza anaganiza kuti chisoni chandizunguza mutu. Anati zaka makumi awiri ali pantchito, palibe munthu anamuitanapo kuti adzabwezeretse ming'alu. Ndinamuuza kuti ayamba ndi ine, ndipo akachedwa ndikaima pamsika n'kuuza aliyense kuti zitseko za kabati yanga sizitsekeka. Zimatsekeka bwinobwino, koma iye amandidziwa. Lachiwiri m'mawa anali atafika.

Tinakolopola masiku atatu, iye ndi tchizulo chaching'ono, ine ndi mpeni wanga wosendera mbatata. Guluu uja anali atagwira ngati nkhupakupa. Kalipentala akazula kamzere kamodzi ankakayang'ana mwachisoni, n'kukaika pambali bwinobwino ngati dzino la mwana. Zala zanga zinatuluka matuza. Lachinayi a Thonje anabwera pa basi ndi thumba la thonje lopota ngati chingwe, ndi chitini cha phula lofewa. Anatisonyeza kulowetsa thonjelo m'mipata pang'onopang'ono ndi kachitsulo kosathwa, osadzaza. Kalipentala akamenya mwamphamvu a Thonje ankamumenya padzanja n'kumuuza kuti akusisita khanda, sakukhoma bokosi. Anthu awiriwa anadana tsiku lomwelo, ndipo pofika Lachisanu ankadyera mbale imodzi akunyozanabe.

Titamaliza kupaka phula, a Thonje anandiitanira pambali. Anati ndisadzinamize, boti louma chonchi tsiku loyamba limamira basi. Liyenera kugona pansi pa madzi sabata yathunthu kuti limwe likhute. Ndinati Loweruka ndi mawa. Anati matabwa sadziwa Loweruka. Mwana wanga pafoni anandichonderera kuti ndiwaimbire atate ake aakuluwo tisunthe tsiku. Ndinamuuza kuti bola kumeza msomali wa mkuwa.

Loweruka m'mawa tinalikweza pa lole, ndipo aneba asanu ndi awiri anakwera nawo osaitanidwa. Ku damu tinapeza alamu atafika kale, atavala suti, akazi awo atawafunditsa ambulera, sowo ataikulunga m'nyuzipepala. Tinaligubuduza pa mapaipi mpaka m'madzi. Linayandama. Ndikunena zoona, linayandama nthawi yokwanira kuphika dzira, mbali ya buluu ikuyang'ana kwa ife, ndipo mtima wanga unayamba kunyada. Kenako madzi anayamba kulowa m'mizere yonse nthawi imodzi, mwaulemu, opanda phokoso, ngati anthu ochedwa kutchalitchi. Anakwera kufika pamipando. A Thonje, m'malo mothandiza, anavula nsapato, n'kulikankhira pakuya pang'ono, n'kuyamba kuikamo miyala ikuluikulu. Aneba anayang'anana. Botilo linakhala pansi, kunangotsala kamphuno kake ndi chingwe chomangirira pamtengo.

Wina kumbuyo anaseka n'kusandutsa chifuwa. Alamu anavula jekete n'kupatsa akazi awo. Analankhula ndi mawu a pamaliro, kuti iwo sakukondwera, mng'ono wawo ankamukonda, koma madzi sanama. A Thonje anayamba kufotokoza za nyemba zija, alamu n'kuwadula kuti pangano silinatchule nyemba. Ndipo sanalakwe. Ine ndine wolusa koma sindine wabodza.

"Lamira," ndinatero. "Ndinanena ndekha. Ndi limenelo, kalichekeni."

Alamu anayang'ana sowo, anayang'ana madzi. Pamene panali botipo munthu wamtali amamira mpaka pachifuwa, ndipo kubanja kwawoko onse madzi amawaopa mofanana. Anapempha a Thonje kuti alivuule. A Thonje anagwira msana n'kunena kuti wawavuta kuyambira m'mawa, komanso tcheni chawo chokokera anabwereketsa, chibwera Loweruka linalo. Woyendetsa lole anati iye ali ndi mchenga woti akatute, n'kuliza injini. Alamu anakulunganso sowo yawo n'kulengeza kuti Loweruka likudzalo abwera ndi lole yawo ndi anthu awo, ndipo wina asakhudze thabwa ngakhale limodzi. A Thonje analonjeza ndi mtima wonse kuti palibe alikhudze.

Sabata imeneyo ndinapita ku damu tsiku lililonse. Pansi pa bedi lathu panali kainjini ka boti kamene malemu anakakulunga m'bulangete langa labwino, ndipo ndinakanyamula pa basi, kondakitala akudandaula njira yonse. A Thonje anakatsegula, anakapukuta, anasintha pulagi, n'kundiphunzitsa kusakaniza petulo ndi oilo m'botolo. Anakamangirira kumbuyo kwa boti lawo laling'ono. Anandiveka jekete loyandamitsa munthu limene linakana kutsekeka pachifuwa, mpaka analimanga ndi chingwe ngati mtolo wa nkhuni.

Kuliza injini sikunandivute. Umakoka chingwe mwaukali, ndipo ukali ndili nawo wokwanira. Chovuta ndi chiwongolero. Ndi kamtengo kotuluka painjini, ndipo ukafuna kupita kumanja umakakankhira kumanzere. Ndinafunsa kuti anapanga zimenezi ndani, a Thonje anati ndingoganiza kuti ndikulankhula ndi mwamuna. Kuyambira pamenepo ndinamva msanga. Komabe Lachiwiri ndinalowa m'bango mpaka mbalame zinabalalika, ndipo Lachitatu ndinadula chingwe cha mbedza cha bambo wina amene ankawedza pamtunda. Anayamba kundilalatira, koma anali asanakumanepo ndi ine, ndipo anamaliza ndi kupepesa. Madzulo aliwonse ndisanakwere basi ndinkaima pamtengo paja n'kuyang'ana kamphuno ka boti lathu. Ndinkaliuza kuti limwe msanga, lisandichititse manyazi kawiri.

Loweruka lachiwiri alamu anabwera ndi lole ndi azibambo asanu ndi mmodzi onyamula katundu pamsika, a mapewa ngati zitseko. Ulendo uno suti anaisiya, anavala ovolosi yatsopano. Aneba anabweranso, ochuluka kuposa poyamba. Azibambo aja analowa m'madzi, anatulutsa miyala umodziumodzi, anakokera botilo posaya mpaka milomo yake inatuluka pamwamba. Linali lolemera kwambiri moti sakanalinyamula ndi madzi ake, ndiye alamu analamula kuti akape. Anakapa ndi ndowa, alamu ali pamtunda kuwerengera ngati kapitawo. Botilo linayamba kudzuka. Anakapabe, linadzukabe. Atafika pansi, mmodzi anapempha chitini, kenako chisanza. Anafinya chisanzacho kunja, n'kuima, n'kumayang'ana pansi pa boti. Tonse tinadikira. Madzi sanabwerere. Penapake pankangotuluka kathukuta.

A Thonje, amene msana wawo unali utachira mwadzidzidzi, anabwera ndi injini paphewa n'kuimangirira kumbuyo, akuti angoona ngati thabwa lakumbuyolo ndi lolimba. Ine ndinakwinya chitenje, ndinalowa ndi chikwama changa, n'kukhala.

Alamu anati nditsike, chifukwa pangano linatha sabata yatha, boti linamira anthu akuona, ndipo loleyo siidikira. Ndinavomera kuti ndi lawo. Ndinangowauza kuti pansi pa mpando wapakati pali matabwa awiri amene akundikayikitsa kutalika kwake, mwina sakwana pakhola, bwanji adzayeze okha asanavutitse anthu kunyamula. Munthu amene uja ukamutchulira kuyeza amaiwala dzina lake. Anasolola tepi, sowo kukhwapa, n'kulowa mwendo umodzi, kenako winawo. A Thonje anawaponyera jekete pamutu n'kunena kuti ndi lamulo la pa damu, aliyense wokhala m'boti avale, ngakhale loima. Ali mkati molimbana ndi zingwe za jekete, chingwe cha pamtengo chinamasuka. Sindinaone amene anamasula. Ndinakoka chingwe cha injini kamodzi, kawiri, kachitatu inalira.

Alamu anakhala pansi osafuna. Anagwira mbali zonse ziwiri za boti, tepi ikudzikulunga yokha pamapazi awo. Anaitana dzina la mwana wanga, anaitana akazi awo, anatchula ndi apolisi omwe. Ine maso anali kutsogolo. Ndinadutsa bango lija osaligunda, ndinadutsa maboti awiri oyera a anthu olemera amene anatikwezera manja, ndinapita mpaka pakati penipeni pamene anthu a kumtunda ankaoneka ngati nyerere. Pamenepo ndinazimitsa injini.

Kunangoti zii. Ndinatola sowo pansi, ndinachotsa nyuzipepala, n'kuwapatsa chogwirira chili kwa iwo.

"Pangano ndi pangano, alamu. Yambani. Ndikanakhala ine ndikanayamba ndi la pansili, ndi lalitali bwino, likhala la padenga."

"Alamu, tiyeni tikakambirane kumtunda ngati anthu."

"Kumtunda munakamba kale, munamwera ndi tiyi wanga. Mapazi anu anyowa?"

Anayang'ana pansi. Anati sananyowe. Ndinafunsa kuti pansi pathupa pali chiyani. Anati madzi. Ndinafunsa kuti akuya bwanji, popeza iwo ndi odziwa kuyeza, kapena nditsitse tepi yawo tione. Anatseka maso. Ndinafunsa kuti nanga chikuwaletsa kumira ndi chiyani, anati matabwa. Anakhoma ndani? Anati mng'ono wawo.

"Chitsiru chija?"

"Sanali chitsiru. Mng'ono wanga ankadziwa ntchito yake." Kenako anawonjezera ndi mawu ena, osakhala a mantha aja. "Kuyambira ali mwana anali wotero. Akayamba chinthu ankachita ngati dziko laima."

Ndinawauza kuti akanenenso zomwezo kumtunda, mokweza, aneba amve. Anavomera. Za khola anati agula mapolo. Sowo anaikhalira.

Sindinalize injini nthawi yomweyo. Ndinati ndione kaye chimene munthu anathawira chipatala. Madzi ankamenya m'matabwa pang'onopang'ono, phwa, phwa. Mbalame ina yakuda inamira apa n'kukatulukira uko ndi kansomba. Mphepo inkalowa m'khosi mwa bulauzi. Panalibe wondiitana, panalibe mpopi wodontha kapena mbale yoti nditsuke. Zinali zabwino, ndipo zimenezi zinandikwiyitsa kuposa zonse. Zaka zisanu ndi ziwiri, munthu osakhalapo pano ngakhale kamodzi, n'kundisiya ndidzakhalepo ndi mkulu wake wonjenjemera. Ndinawatukwana mumtima bwinobwino, ndi maina awo onse atatu. Maso anayamba kundiyabwa, ndinauza alamu kuti ndi utsi wa petulo, ngakhale sanafunse.

Pobwerera ndinayenda mowongoka ngati ndinabadwira m'boti. Titayandikira thandala la matabwa loimikapo maboti m'pamene ndinayamba kufunafuna buleki ndi phazi. Sabata yonse ija tikamayandikira kumtunda a Thonje ndi amene ankalanda chiwongolero, ndiye phunziro loima tinali tisanafikepo. Ndinawaona akuthamanga pathandala akugwetsa manja pansi, aneba akubalalika. Ndinazimitsa injini, koma boti silimva msanga. Tinagunda. Alamu anagwa chogwada, ndipo anatuluka chokwawa mpaka paudzu.

Mawu aja ananena, sindiwanamizira. Anawanena atakhala pansi, jekete lili m'khosi, moti akumbuyo anapempha kuti abwereze, ndipo anabwereza. Kenako anadzuka n'kuuza anthu awo kuti akwere lole azipita.

Azibambo aja sanasunthe. Wamkulu wawo anavula kapusi n'kundiyandikira. Anati amayi, ife talinyamula, talikapa, tanyowa mpaka m'makhutu, koma chibadwire sitinakwerepo boti. A Thonje anayang'ana mphuno ya boti pamene ndinagunditsa, anati ndi penti chabe yachoka, koma asapitirire atatu paulendo. Alamu anakakhala okha kutsogolo kwa lole, zenera atatseka.

Atatu oyamba ndinawazungulitsa mpaka kubango n'kubwerera, ndipo ulendo uno ndinazimitsa injini patali, a Thonje n'kutikoka ndi chingwe. Mmodzi anatsika akuseka, wina akupemphera. Paulendo wachiwiri petulo anatithera tili pakati. Nkhafi tinali titaziiwala kushedi. Azibambo atatu akuluakulu anagwada m'boti n'kumapalasa, awiri ndi ndowa, mmodzi ndi chivundikiro cha chitini cha phula, botilo likuyenda chammbali ngati nkhanu. Ine ndinakhala kumbuyo, chikwama pamiyendo, chiwongolero m'manja. Wa kumanzereyo ankapalasa mwaulesi, ndipo ndinamuuza.